Chimapsa Ndi Chitsulo

Papepala la ntchito analemba kuti:
Bambo Kerrison, zaka makumi asanu ndi atatu,
mankhwala a m'mawa, phala, kuwameta ndevu,
mphindi makumi anayi ndi zisanu, basi.
Za chisakasa cha kuseri kwa nyumba sanalembepo.

Kuno ku Brandon mwala uli ponseponse.
Makoma ndi nsangalabwi zakuda zoswedwa pakati
zimene zimakuyang'ana ngati maso a ng'ombe
ukamadikira basi pachisanu.

Supuni imawapulumuka. Tiyi amathera pajuzi.
Koma Lachinayi lina, mvula ikuwaza,
anandikoka mkono wa yunifolomu.
Dzina langa, Siyeni, amalitchula mokhotakhota.
Anati, ndibwereke manja akowo.

M'chisakasamo munali fungo la mwaye wakale.
Mvukuto wachikopa makoswe anadya kalekale,
mphepo tsopano imachokera m'kamakina kolira ngati njuchi.
Pakona, mulu wa matupa akutha mano
amene ankatola pakaunjika wa Lamulungu,
ena adakali ndi mayina a eni ake pachigwiriro.

Iwo pampando, bulangete m'maondo.
Ine chilili, mbaniro kumanzere, nyundo kumanja.
Dikira, anatero. Chisayere.
Chifike pamtundu wa dzungu lakupsa.
Tsopano menya.
Osati choncho, sukupha njoka.
Nyundo ili ndi kulemera kwake, ileke igwe yokha.

Chitsulo chinatalika, chinawonda kunsonga,
ndinachipinda pamphuno ya chosulira
mpaka chinadzikulunga ngati mchira wa nanzikambe,
mpata wa zala zitatu pakati.

Choyamba ndinachiviika msanga m'madzi ozizira,
chinangoti the! kusweka pawiri.
Anaseka mpaka kutsokomola, ine kuthamangira madzi akumwa.
Chachiwiri, sabata yotsatira, chinatuluka chokongola
koma chofewa mtima:
kumenya pamwala, zii, ngati ukugogoda pakhomo pa bwinja.
Anachiponya m'ndowa osachiyang'ana kawiri.

Chachitatu chinali cha mu Febuluwale.
Anatulutsa kachitini ka fodya
momwe munali tinsanza towaula, takuda bii,
zotsala za nsalu yopukutira mbale ya malemu akazi awo.
Anandigwiritsa mwala, kakhonde kake kakuthwa kuloza kumwamba,
kansanza pansi pa chala chachikulu.
Khe. Palibe.
Khe. Chikopa cha pamfundo ya chala changa chinatsalira pamwala.
Khe! Mbaliwali zitatu, imodzi n'kutera,
kadontho kofiira kakukwawa pansanza
ngati nyerere yopeza shuga.

Ndinakafungatira m'kachisa ka udzu wouma,
ndikuuzira pang'onopang'ono
monga ndimawauzirira phala lawo,
utsi m'maso, utsi m'tsitsi,
kenako lawi, phwii, m'manja mwangamu.

Kwathu ndinkangomva kuti akale ankapeka moto ndi timitengo.
Ine ndinakulira machesi a pagolosale,
ogula kamtengo kamodzikamodzi mwezi ukafika pakati.
Ndani akanalota kuti moto wanga woyamba
ndidzaubala kuno, dzuwa likulowa nthawi ya tiyi?

Anandifunsa: wapsa ndi mwala kapena chitsulo?
Ndinati mwala.
Anapukusa mutu, uwo umene umagwedezeka kale wokha.
Mwala umangosenga.
Mbaliwali iliyonse ndi kanyenyeswa ka chitsulo
kamene kachoka kosabwereranso.
Anandionetsa chawo, cha zaka makumi asanu m'thumba,
chodyeka pakati ngati sopo wotsala.
Anachipima m'dzanja lonjenjemera lija,
n'kuchibweza.

Foni inali itanjenjemera kanayi.
Ofesi ikufunsa ndili pati,
Mayi Gathercole akudikira kusamba.
Ndinathira madzi pamakala, ndinatseka loko wadzimbiri,
ndinawakhazika pafupi ndi wailesi.
Pafomu, pamzere wofunsa zimene tachita lero,
ndinalemba kuti adya bwino.

Kwa Mayi Gathercole chitofu chimayaka ndi kabatani.
Ndinatereka ketulo.
M'thumba, pakati pa magolovesi ndi makiyi,
kachitsulo kaja kanali kasanazizire kwenikweni.